Denga la Galimoto Yogonamo Likayamba Kudontha: Zinthu 19 Zoti Mukadabwitse Nazo Anzanu

Mwina munawaonapo ku Cape Maclear, ku Kande kapena ku Chitimba, ataimikidwa pansi pa mtengo, makatani ali m'mawindo, njinga zitamangiriridwa kumbuyo, nambala zake za ku Germany kapena ku South Africa. Amenewo ndi ma camper van, magalimoto okhala ndi bedi, kakhitchini ndi makabati, moti mwini wake amangogona kulikonse kumene kwamudera. Injini ikavuta, makaniko amapezeka. Tayala likaphulika, lina lilipo. Koma kadontho kamodzi kakagwera pa pilo pakati pa usiku, tulo timathera pomwepo. Nazi zinthu zokhudza kadontho kameneko. Muziyamba mwaganiza kaye musanawerenge yankho.

1. Tiyambe ndi funso. Mvula ya mamilimita 20, imene m'dzinja imatha kugwa masana amodzi, ingathire madzi ochuluka bwanji pa denga la galimoto yaitali ngati Mercedes Sprinter? Ndowa imodzi? Zitatu? Werengetsani nokha. Milimita imodzi ya mvula ikagwa pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi imakwana lita imodzi. Denga la galimoto yotere ndi pafupifupi masikweya mita 10. Ndiye kuti malita 200, dramu yathunthu, ndipo madzi onsewo akuyenda pamwamba pa bedi lanu kufunafuna kabowo kamodzi kokha.

2. Denga lenilenilo silidontha kawirikawiri. Chitsulo chimene chinachokera ku fakitale chili chamyaa chimatha zaka zambirimbiri osalowetsa madzi. Nanga amalowera pati? Pamabowo amene anthu anaboola okha. Kazenera ka pamwamba kotulutsira mpweya kamafuna bowo la masentimita 40 mbali zonse zinayi, ndiwo muyeso wofala ku Ulaya, pomwe ku America amadula mainchesi 14. Onjezerani bowo la waya wa sola, la mlongoti wa wailesi, ndi mabawuti ogwira kariyala. Chilichonse chimene chimapangitsa galimoto kukhala yokoma kugonamo chinalowa ndi bowo lakelake. Galimoto yodula kwambiri, yodzaza ndi zipangizo padenga, ndiye ili ndi makomo ambiri a madzi.

3. Mukuti yanu simunaiboolepo? Kwerani makwerero mukaone. Magalimoto ambiri onyamula katundu amachoka ku fakitale ali ndi mizere ya timabowo padenga, tokonzeredwa amene angadzafune kumanga kariyala, ndipo timangotsekedwa ndi tizivindikiro ta pulasitiki kapena labala. Dzuwa likatiwotcha zaka zingapo timauma, n'kuyamba kulowetsa madzi. Pa mabasi aang'ono akale a Volkswagen, amene ku Uitenhage ku South Africa anapitiriza kuwapanga mpaka 2002 ndipo ku Brazil mpaka 2013, malo oyamba kuwayang'ana ndi kangalande kozungulira m'mphepete mwa denga. Kanaikidwa kuti kazichotsa madzi. Masamba akaunjikanamo, ndi komweko kamene kamawasunga mpaka dzimbiri litaboola.

4. Ichi ndiye chimapusitsa anthu ambiri: pamene pakudontha si pamene madzi akulowera. Madzi akangolowa samagwa nthawi yomweyo. Amatsata nthiti zachitsulo za denga, amayenda pamwamba pa siling'i, amakwera pa waya wa magetsi n'kuutsatira mpaka pamene wapindikira. Kadontho kogwera kumapazi a bedi kakhoza kukhala kakuchokera pa kazenera ka kukhitchini, mamita awiri kuchokera pamenepo. Ndiye munthu amakwera padenga, amamata guluu wambirimbiri pamwamba penipeni pa bedi, mvula ina ikabwera n'kupeza kuti wamata pamalo abwinobwino. Mukaona madzi mkati mwa galasi la getsi la kusiling'i, zimitsani getsilo, kenako tsatirani waya wake. Nthawi zambiri wayayo ndi amene amakufikitsani pakhomo.

5. Madzi amakwera mtunda. Inde, mwawerenga bwino. Mukagundanitsa magalasi awiri oyera bwino n'kusiya mpata wa gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita, kenako n'kuviika m'munsi mwake m'madzi, madziwo amakwera okha pafupifupi masentimita 15. Mpata ukamachepa m'pamene amakwera kwambiri. Choncho kamng'alu kooneka ngati tsitsi pakati pa guluu wakale ndi penti musakapeputse. Kamachita kuyamwa madzi.

6. Tsono tamvani izi. Denga likhoza kukudontherani usiku wopanda mtambo ndi umodzi womwe, lilibenso bowo lililonse. Madziwo achokera kuti? Kwa inu nomwe. Anthu awiri ogona m'kagalimoto kotseka amatulutsa madzi okwana pafupifupi theka la lita pofika m'mawa, kudzera m'kupuma ndi thukuta. Koma katswiri pa nkhaniyi ndi chitofu cha gasi. Taganizani: kilogalamu imodzi ya gasi wophikira ikayaka imatulutsa madzi ochuluka bwanji? Lita imodzi ndi theka, kupitirirako pang'ono. Madzi olemera kuposa gasi amene mwayatsa! Chifukwa chake n'chakuti haidrojeni wa mu gasi amaphatikana ndi okosijeni wa mumpweya, ndipo ziwirizo zikakumana ndiwo madzi. Nthunzi imeneyo ikakhudza chitsulo chozizira imasanduka madontho, monga mmene malata a nyumba yopanda siling'i amadonthera m'mamawa mwezi wa June.

7. Ndiye mungasiyanitse bwanji? Onani nthawi ndi malo. Chinyezi cha mpweya chimabwera kukazizira, m'bandakucha, ndipo chimanyowetsa paliponse pamene pali chitsulo chosakutidwa, pamodzi ndi magalasi. Madzi a mvula amabwera ndi mvula, amakonda malo amodzi, ndipo akauma amasiya mzere wofiirira. Mankhwala a chinyezi cha mpweya ndi odabwitsa: tsegulani kazenera ka padenga pang'ono, ngakhale kukuzizira. Kuti mkati muume, mukuyenera kutsegula.

8. Njira yotchuka yosakira bowo ndi ya paipi ya madzi, koma ambiri amailakwitsa pa mphindi yoyamba. Mungayambire pati, pamwamba kapena pansi? Ngati mwati pamwamba, mwaphonya. Mukathira pamwamba madzi amayenderera paliponse, ndipo akatulukira mkati simungadziwe kuti alowera pa bowo liti. Yambirani m'munsi, pamawindo ndi pazitseko, kenako m'mphepete mwa denga, n'kumakwera pang'onopang'ono. Malo aliwonse apatseni mphindi zingapo, chifukwa madzi ali ndi ulendo woti ayende asanaonekere. Mnzanu akhale mkati ndi tochi, atachotsa kale zotchingira za pulasitiki zozungulira kazenera, ndipo akangoona kunyowa agogode. Madzi aziyenda mofatsa ngati mvula. Makina otsukira galimoto opopa mwamphamvu aja asayandikire n'komwe, chifukwa amatha kung'amba guluu amene anali bwinobwino, inu n'kutsika padenga muli ndi mabowo awiri m'malo mwa limodzi.

9. Akatswiri ena sathira madzi n'komwe. Amapopa galimotoyo! Amatseka zitseko ndi mawindo onse, amamata timipata todziwika, kenako amaika fani yamphamvu pa kazenera ka padenga kuti izikankhira mpweya mkati. Mpweya ukadzaza umafuna potulukira. Wina ali kunja akuwaza madzi a sopo pa msoko uliwonse, pa bawuti iliyonse, ndipo pamene pali bowo pamayamba kufufuma thovu. Ku America kuli magalaja okhala ndi makina opangidwira ntchito imeneyi basi. Ubwino wake ndi wakuti thovu limatulukira pakhomo penipeni, osati mamita awiri kutali.

10. Chida chotsika mtengo kwambiri pa ntchito yonseyi chili m'bafa mwanu. Pawudala wa ana, kapena choko chopera. Muwazeni pa nthiti za denga ndi m'makona mkati, mvula ikagwa madzi adzalemba okha njira imene ayenda, inu n'kungoitsatira chobwerera. Pepala la kuchimbudzi nalonso ndi mboni yosanama: limateni m'malo okayikitsa, likangokhudzidwa ndi kadontho kamodzi limakwinyika, ndipo silibwereranso ngakhale litauma.

11. Pali mabowo ena amene amasankha tsiku. Galimoto ikaima mphuno ili kumtunda, mkati muli gwa, mouma. Mukaitembenuza kuti mphuno iloze kumunsi, bedi lanyowa. Si matsenga ayi. Denga lili ndi mizere yokwera ndi yotsika, ndipo madzi amadikha kumbuyo kwa kazenera kapena kwa sola malinga ndi kumene galimoto yapendekera. Ena amadontha pokhapokha galimoto ikuthamanga, mphepo ikamakankhira madzi pansi pa labala. Choncho tsiku limene kwadontha lembani mmene munaimikira galimoto. Nthawi zina theka la yankho lili pa malo oimikapo.

12. Tafika pa mdani wamkulu, ndipo mudabwa chifukwa ambiri amamuyesa bwenzi. Silikoni wa m'bafa. Munthu akaona kudontha amathamangira ameneyu chifukwa amapezeka m'sitolo iliyonse ya zomangira. Munamvapo kafungo ka viniga akamaikidwa? Ndi asidi weniweni wa mu viniga amene amatuluka pamene silikoni wa mtundu umenewo akuuma, ndipo pa chitsulo chosapenta asidiyo amayambitsa dzimbiri. Koma vuto lalikulu ndi ili: silikoni akauma, palibe chimene chimamatirira bwino pa iye. Penti imakana. Guluu wina amakana. Ngakhale silikoni mnzake watsopano sagwira mokwanira. Tsiku limene adzayambe kusendeka m'mphepete, mudzayenera kumupala yense mpaka kakhungu komaliza kosaoneka ndi maso, apo ayi chilichonse chimene mudzaike pamenepo chidzasendekanso. Ine ndikaona denga lopakidwa silikoni mulu pamwamba pa mulu ndimamva chisoni, chifukwa ndimadziwa kuti mwini wake anagwira ntchito ndi mtima wonse, koma ntchito ya mphindi khumi ija yabala ya tsiku lathunthu.

13. Nanga bwenzi lenileni ndi ndani? Tepi wofewa wotuwa kapena wakuda wotchedwa butyl, amene amaikidwa pakati pa kazenera ndi denga musanamange masikuluwu. Chinsinsi chake n'chakuti sauma. Pakapita zaka amakhalabe wonanda, akutsatira kugwedezeka kulikonse kwa galimoto. Labala ameneyu anamutulukira William Sparks ndi Robert Thomas mu 1937, akugwira ntchito ku kampani ya mafuta ya Standard Oil ku New Jersey. Munamugwirapo kale osadziwa, chifukwa machubu ambiri a njinga ndi a butyl, popeza salola mpweya kudutsa. Ndipo mwina munamutafunapo. Butyl woyeretsedwa bwino amalowa m'zosakaniza za chingamu.

14. Guluu amene okonza magalimoto ogonamo ku Ulaya amamutchula kwambiri ndi Sikaflex, ndipo mbiri ya kampani yake inayambira pansi pa phiri. Kaspar Winkler anayambitsa Sika ku Switzerland mu 1910, ndipo ntchito imene inamutchukitsa inali yotseka madzi mu ngalande ya sitima ya Gotthard, yotalika makilomita 15, pamene ankakonzekera kuyendetsamo sitima zamagetsi cha m'ma 1918. Tsono ganizani: guluu wa mtundu umenewu amauma ndi chiyani? Dzuwa? Mphepo? Ayi. Amauma ndi chinyezi cha mumpweya. Kunja kukakhala kouma kwambiri amachedwa kulimba. Guluu wotsekera madzi amafuna madzi kuti agwire ntchito! Komatu malo omatapo okha ayenera kukhala ouma ndi oyera. Palani guluu wakale ndi chopalira cha pulasitiki, pukutani ndi sipiliti, dikirani paume, kenako matani.

15. Denga limapuma ngati chamoyo. Masana limatalika, usiku limafupika. Denga la aluminiyamu la mamita 6 likatentha ndi madigiri 50 kuchokera pa kuzizira kwa m'mawa, limatalika ndi pafupifupi mamilimita 7. Lachitsulo limatalika ndi theka la pamenepo, pomwe pulasitiki ya kazenera imafutukuka kuposa zonse ziwiri. Zinthu zitatu zolumikizana, chilichonse chikukoka pa liwiro lake, tsiku ndi tsiku, ndipo guluu ali pakati. N'chifukwa chake guluu amafuna kunenepa, mamilimita awiri kapena atatu, kuti akhale ndi potambasukira. Apa m'pamene anthu amphamvu amalakwitsa. Amamanga masikuluwu mpaka mapeto poganiza kuti akulimbitsa, koma akufinyira guluu yense kunja, mwinanso kung'alula pulasitiki. Kumangitsa n'kumene kumadonthetsa. Ndipo kumaiko ozizira kuli chinanso: madzi akaundana amafufuma ndi pafupifupi 9 peresenti, choncho kamng'alu kamene kagona ndi madzi kamadzuka katakula.

16. Dzimbiri lina limayamba tsiku lomwelo limene kazenera katsopano kaikidwa. Podula bowo, tizidutswa tachitsulo tonga mchenga timamwazikira padenga ponse, ndipo mame a usiku umodzi ndi okwanira kuti m'mawa mupeze timadontho tofiira tomatirira pa penti. Sesani tonse, ndipo m'mphepete mwa bowo mupakemo penti musanaike china chilichonse. Chodabwitsa china ndi sikuluwu ya chitsulo chosachita dzimbiri ikamangidwa pa aluminiyamu. Pakalowa chinyezi, makamaka cha mchere wa kunyanja yaikulu, zitsulo ziwirizo zimasanduka kabatire kakang'ono, ndipo imene imadyeka ndi aluminiyamu. Sikuluwu imakhalabe ikunyezimira, bowo lake likukula.

17. Ku America magalimoto ogonamo ambiri akuluakulu ali ndi denga lokutidwa ndi chinsalu cha labala chotchedwa EPDM. Labala ameneyu amapirira dzuwa ndi mvula zaka zambiri, koma sagwirizana ndi petulo, palafini kapena chotsukira chilichonse chochokera ku mafuta a pansi, chifukwa amatupa n'kumatuka. Pamadenga otere amagwiritsa ntchito guluu wa Dicor, amene ukamuthira pamwamba pa masikuluwu amayenderera yekha n'kusalala. Mukamuika pakhoma amayendereranso yekha, ulendo wa pansi. Ndipo chipangizo choziziritsira mpweya cha padenga chikamadontha, nthawi zambiri sichifuna guluu n'komwe. Chimakhala pa kasiponji kokhuthala kopanikizidwa ndi mabawuti anayi ochokera mkati. Kasiponjiko kakaphwa, mumangomanga mabawutiwo pang'ono mofanana mbali zonse. Sipanala yokha, nkhani yatha.

18. Madzi akaonekera m'maso, dziwani kuti analowa kalekale. Magalimoto ogonamo ambiri opangidwa ku fakitale ali ndi makoma a magawo atatu omatidwa pamodzi: kunja aluminiyamu kapena fibreglass, pakati siponji yolimba, mkati kathabwa kopyapyala. Madzi amatha miyezi ali m'kati mwa khomalo, akuvunditsa matabwa mwakachetechete, mpaka kunja kutayamba kutupa ngati chithuza. N'chifukwa chake ku Britain galimoto zotere zimapimidwa chaka ndi chaka ndi kachipangizo koyeza chinyezi. Kakawerenga mochepera 15 peresenti, mtima pansi. Kakapitirira 20, pafunika kufufuza, chifukwa kuyambira pamenepo m'pamene bowa wovunditsa matabwa amapeza moyo. Makampani ambiri amalonjeza kukonza ulere madzi akalowa m'zaka zingapo zoyambirira, koma mukadumphitsa kupimitsa kwa pachaka lonjezolo likhoza kufera pomwepo. Mukafuna kugula yogwiritsidwapo kale ntchito, tsegulani makabati a m'mwamba, dinani makona ndi chala, ndipo nunkhizani. Mphuno imamva chuku maso asanachione. Mukapeza galimoto yonse ikununkhira perefyumu, mawindo onse ali otsegula inu musanafike, m'pamene muyenera kununkhiza kawiri.

19. Lomaliza ndi la okonda zakale. Kampani ya Westfalia ku Germany inayamba kusandutsa mabasi aang'ono a Volkswagen kukhala ogonamo mu 1951, ndipo patapita zaka kunabwera denga lija lotukuka m'mwamba, lokhala ndi makoma a nsalu ya tenti. Nsalu yotere ikakhala ya thonje ili ndi khalidwe lakelake. Mukaikhudza ndi chala mkati mvula ikugwa, madzi amatsata chalacho n'kuyamba kudontha pomwepo. Mukaipinda ili yonyowa n'kuiiwala, mudzaipeza yachita mawanga akuda a chuku. Nanga yatsopano ikamadontha m'misoko, mungaitani? Kuipaka guluu? Kuibweza kusitolo? Ayi. Tukulani denga, tengani paipi, inyowetseni yonse mpaka ikhute, isiyeni iume padzuwa, kenako bwerezani kawiri kapena katatu. Ulusi wa thonje ukanyowa umatupa n'kutseka timabowo tonse timene singano inasiya.